Geji ya kutentha kwa injini m'magalimoto akale

Geji ya kutentha kwa injini ndi chida chokhala pa dashibodi ya galimoto chomwe chimasonyeza woyendetsa mmene madzi oziziritsa injini atenthera. Kawirikawiri imakhala ndi muvi umodzi woyenda pakati pa chilembo C, kusonyeza kuzizira, ndi chilembo H, kusonyeza kutentha kopitirira muyezo. Mageji ena amalembedwa manambala a madigiri m'malo mwa zilembo. M'magalimoto akale gejiyi sidalira kompyuta: uthenga umachoka ku injini n'kudutsa m'zida zingapo zolumikizana mpaka kufika pa muvi, ndipo chida chimodzi chikalakwika muvi umanama. N'chifukwa chake pofufuza vuto, amakaniko amayamba atsimikiza ngati injini ikutenthadi, kenako amayesa zidazo chimodzichimodzi asanagule chilichonse chatsopano.

Bungwe la FIVA, lomwe limagwirizanitsa makalabu a magalimoto akale m'maiko ambiri, limawerengera galimoto m'gulu la akale ikakwanitsa zaka 30. Nkhaniyi ikufotokoza makamaka za magalimoto opangidwa ku Britain m'zaka za m'ma 1950 mpaka m'ma 1980, monga MG, Triumph, Mini ndi Land Rover, omwe ambiri anali ndi mageji a kampani ya Smiths.

Mbiri

Magalimoto oyambirira analibe chida chosonyeza kutentha. Woyendetsa ankadziwa kuti injini yatentha akaona nthunzi ikutuluka pa rediyeta. Pambuyo pake, chida chotchedwa Boyce MotoMeter chinalembetsedwa ku United States. Chinali choyezera kutentha chagalasi chomangidwa pa chivindikiro cha rediyeta, kutsogolo kwenikweni kwa galimoto, ndipo woyendetsa ankachiwerenga ali pampando wake. Rediyeta itayamba kubisidwa pansi pa boneti, geji inasamukira pa dashibodi.

Nzeru zomwe magejiwa amagwiritsa ntchito ndi zakale kuposa galimoto. Kapaipi kopindika komwe kamawongoka mpweya ukapanikizika mkati mwake kanalembetsedwa ndi Eugène Bourdon wa ku France mu 1849. Kachitsulo kopangidwa ndi zitsulo ziwiri zosiyana, komwe kamapindika kakatentha, anakagwiritsa ntchito John Harrison wa ku England m'mawotchi ake m'zaka za m'ma 1700. Mu 1833, Michael Faraday anaona kuti pali zinthu zina zomwe zimadutsitsa magetsi mosavuta zikatentha, ndipo sensa ya geji yamagetsi imagwira ntchito potsatira mfundo imeneyi.

Kampani ya Smiths inayamba ngati shopu ya mawotchi ya Samuel Smith ku London mu 1851. Masiku ano mageji a dzina limeneli amapangidwa ndi kampani ya Caerbont Automotive Instruments ku Abercrave, m'dziko la Wales. Si galimoto iliyonse yakale yomwe inali ndi geji yotere. Volkswagen Beetle ndi Citroën 2CV, mwachitsanzo, injini zake zimazizira ndi mphepo, choncho zilibe madzi oti ayezedwe.

Kufunika kwake

Injini imapangidwa kuti izigwira ntchito pa kutentha kokhazikika. Chomwe chimasunga muyezowu ndi thermostat, kachitseko komwe kamatseka njira ya madzi opita ku rediyeta mpaka injini itatentha mokwanira. Pa injini za kampani ya BMC, zomwe zinali mu Mini ndi MG, mathermostat odziwika ndi otseguka pa 74 °C, 82 °C ndi 88 °C. Chivindikiro cha rediyeta chimapanikiza madzi kuti asawire msanga: cha 7 psi chimawafikitsa pafupifupi 111 °C asanawire, cha 15 psi pafupifupi 121 °C.

Injini ikatentha mopitirira, gasiketi ya hedi imapsa, hedi imapindika kapena kung'aluka, ndipo mapisitoni amafufuma n'kugwira m'masilinda. Pa galimoto yomwe inasiya kupangidwa zaka makumi angapo zapitazo, hedi ina siipezeka msanga ndipo imadula.

Geji yonama imawononga m'njira ziwiri. Ikamaonetsa kuzizira pamene injini ikutentha, woyendetsa amapitiriza ulendo mpaka injini itawonongeka. Ikamaonetsa kutentha pamene injini ili bwino, mwini galimoto amataya ndalama posintha rediyeta kapena pampu ya madzi zomwe zilibe vuto, ena amachotsa thermostat, ndipo ena amangozolowera kuona muvi uli pa H. Tsiku lomwe injini yatenthadi, munthu wozolowerayu salabadiranso.

Mitundu ya mageji

Geji yopanda magetsi

Mtundu uwu uli ndi kabotolo kachitsulo komangidwa mu hedi ya injini, kapaipi kakang'ono kwambiri kochokera pa kabotoloko mpaka ku dashibodi, ndi kapaipi ka Bourdon mkati mwa geji. Zonsezi ndi zomata pamodzi ndipo mkati mwake muli mankhwala amadzimadzi, kawirikawiri ether, yemwe amawira pa 35 °C. Madzi a injini akamatentha, nthunzi ya ether imapanikiza kwambiri, kapaipi ka Bourdon kamawongoka n'kusuntha muvi. Geji yotere imagwirabe ntchito ngakhale kiyi atachotsedwa. MGA, yomwe inapangidwa kuyambira 1955 mpaka 1962, ndi ma MGB oyambirira anali ndi geji ya mtundu umenewu, yophatikizidwa m'chigoba chimodzi ndi geji ya oyilo.

Geji yamagetsi ya muvi wochedwa

Mkati mwa gejiyi muli kachitsulo ka zitsulo ziwiri kokulungidwa ndi kawaya kotenthetsa. Magetsi amalowa mu geji, n'kutsika ndi waya umodzi kupita ku sensa yomangidwa mu injini, kenako n'kubwerera ku batire kudzera m'chitsulo cha injini ndi cha galimoto. Njira yobwererayi amakaniko amaitcha earth. Sensa ikazizira imatchinga magetsi kwambiri, ikatentha imawalola kudutsa ochuluka. Kutchinga kumeneku pa sayansi kumatchedwa resistance ndipo kumayezedwa mu ma ohm. Magetsi akachuluka, kachitsulo kamatentha, kamapindika, muvi n'kukwera. Geji yotere imadziwika chifukwa muvi wake umakwera pang'onopang'ono kiyi akatembenuzidwa.

Mphamvu ya magetsi m'galimoto imasinthasintha: imakhala cha m'ma volt 12 injini ikazima ndipo imafika cha m'ma volt 14 batire likamatchajidwa. Kuti kusinthaku kusasokoneze muvi, pamakhala kabokosi kotchedwa voltage stabiliser. Mu mtundu wakale, kabokosika kamayatsa ndi kuzimitsa magetsi mobwerezabwereza, kotero kuti kutentha kofika mu geji kumafanana ndi kwa ma volt 10 osasintha. Popeza muvi ndi wochedwa, sunjenjemera. Stabiliser imodzi imadyetsa geji ya kutentha ndi geji ya mafuta. Magalimoto akale a Ford a ku America ali ndi chida chofanana nacho chopereka pafupifupi ma volt 5. Land Rover Series III, yopangidwa kuyambira 1971 mpaka 1985, ili ndi mageji a mtundu uwu. Ma Land Rover akale anagwiritsidwa ntchito kwambiri ndi maboma, mamishoni ndi mafamu ku Malawi, Zambia ndi maiko oyandikana nawo, ndipo ena akuyendabe.

Geji yamagetsi ya muvi wofulumira

Mu mtundu uwu muli makoyilo awiri omwe amasanduka maginito n'kumakokerana muvi. Magetsi a koyilo imodzi amasintha malinga ndi sensa. Mphamvu ya batire ikakwera kapena kutsika imakhudza makoyilo onse awiri mofanana, choncho sipafunika stabiliser. Muvi umalumpha nthawi yomweyo kiyi akatembenuzidwa. Magalimoto ambiri akale a General Motors anali ndi mageji otere.

Kusiyanitsa vuto la injini ndi vuto la geji

Choyamba, makaniko amaona kuchuluka kwa madzi mu rediyeta injini ili yozizira. Chivindikiro cha rediyeta sichitsegulidwa injini ili yotentha, chifukwa madzi opanikizika amathovoka ndi mphamvu n'kuwotcha nkhope ndi manja. Madzi akachepa kwambiri, sensa imatsala pamwamba, mu mpweya, ndipo ikhoza kusonyeza kuzizira pamene chitsulo cha injini chikupsa. Muvi womwe unakwera kufika pa H kenako n'kutsika mwadzidzidzi galimoto ikuyenda si chizindikiro chabwino. Nthawi zambiri zimatanthauza kuti madzi atha, ndipo injini iyenera kuzimitsidwa pomwepo.

Chachiwiri, kutentha kwenikweni kumayezedwa ndi chida china chosadalira geji. Choyezera cha infrared chimalozetsedwa pa chitsulo chomwe muli thermostat kapena pafupi ndi sensa, injini itaima n'kumalira mpaka kutentha. Chitsulo chonyezimira chimanamiza choyezerachi, choncho amaloza pamalo opakidwa penti kapena omatidwa tepi yakuda. Ngati choyezera chikuonetsa madigiri oyandikira a thermostat pamene muvi uli pa H kapena pa C, vuto lili ku geji.

Chachitatu, thermostat imatha kuyesedwa pogwira paipi yarabala yapamwamba yopita ku rediyeta, mosamala kuti dzanja lisayandikire fani. Thermostat ikakhala yabwino, paipiyo imakhala yozizira kwa mphindi zingapo, kenako imatentha mwadzidzidzi. Ikatsalira yotseguka, paipi imafunda pang'onopang'ono kuyambira pachiyambi, ndipo muvi umatsika galimoto ikathamanga kapena potsetsereka, n'kukwera ikaima pa mzere wa magalimoto. Ikatsalira yotseka, muvi umakwera msanga pamene rediyeta ikadali yozizira. M'zochitika ziwirizi geji ikunena zoona.

Kufufuza geji yamagetsi

Kuona geji ya mafuta

Pa galimoto yokhala ndi stabiliser, geji ya mafuta ndi mboni yoyamba. Ngati mageji onse awiri afa, vuto lili pa zomwe amagawana: fyuzi, waya wobweretsa magetsi, kapena stabiliser yomwe yasiya kutulutsa magetsi. Ngati onse awiri akuwerenga mokweza, mwachitsanzo thanki ya theka ikuoneka ngati yatsala pang'ono kudzaza ndipo muvi wa kutentha uli pafupi ndi H, ndiye kuti stabiliser ikudutsitsa mphamvu yonse ya batire. Ngati geji ya mafuta ili bwino, kufufuza kumapita ku sensa, waya wake ndi geji yeniyeniyo.

Mitundu ya mawaya

Magalimoto ambiri a ku Britain a nthawi imeneyo anatsatira dongosolo limodzi la mitundu ya mawaya, lomwe limadziwika ndi kampani ya Lucas. Waya wobiriwira umabweretsa magetsi kuchokera ku fyuzi kiyi akatembenuzidwa. Wobiriwira mowala wokhala ndi mzere wobiriwira umachoka ku stabiliser kupita ku mageji. Wobiriwira wa mzere wabuluu umapita ku sensa ya kutentha, wobiriwira wa mzere wakuda umapita ku thanki ya mafuta, ndipo wakuda ndi wa earth. Pa galimoto yomwe yadutsa m'manja mwa anthu ambiri, mawaya ena amakhala atasinthidwa, choncho mtundu wokha si umboni wokwanira.

Kuyesa pa waya wa sensa

Mayeso awa ndi omwe amagawa vuto pawiri. Kiyi atatembenuzidwa koma injini isanalire, waya umazulidwa pa sensa n'kusiyidwa osakhudza chilichonse. Muvi uyenera kutsika mpaka pa C. Ukakhalabe pamwamba, waya wachita shoti penapake, kawirikawiri pomwe wakhulika ndi chitsulo kapena wasungunuka pafupi ndi ekizozi, apo ayi geji yawonongeka mkati.

Kenako waya womwewo umakhudzitsidwa pa chitsulo choyera cha injini. Muvi uyenera kukwera kulowera ku H. Izi zimachitika kwa masekondi ochepa okha, ndipo waya umachotsedwa muvi usanafike kumapeto, chifukwa kawaya ka mkati mwa geji kakhoza kupsa. Amakaniko ena amadutsitsa magetsiwo mu babu laling'ono pofuna kuteteza geji. Muvi ukakwera, ndiye kuti geji, waya ndi magetsi ofika zili moyo, ndipo wokayikiridwa ndi sensa. Ukapanda kusuntha, mayeso omwewo amachitika kuseri kwa geji, pamalo olumikizira waya wa sensa. Ukasuntha pamenepo, waya unaduka pakati. Ukapandanso kusuntha ngakhale magetsi akufika, geji ndi yomwe yafa.

Kuyesa sensa

Sensa imayezedwa ndi multimeter pakati pa nsonga yolumikizira waya ndi thupi lake lamkuwa. Ikazizira imaonetsa ma ohm mazana angapo, ndipo ikatentha kwambiri imatsika kufika pa makumi angapo. Manambala enieni amasiyana malinga ndi galimoto ndipo amapezeka m'buku lokonzera galimotoyo. Chofunika ndi chakuti nambala izitsika mosadumphadumpha pamene sensa ikutentha. Njira yabwino ndi kuimasula n'kuimiza m'poto wa madzi pamoto, pamodzi ndi choyezera kutentha, nsonga yake ili kunja kwa madzi.

Poyesa ndi madzi owira, malo amafunika kuwaganizira. Madzi amawira pa 100 °C m'mphepete mwa nyanja ya mchere, koma kumalo okwera amawira msanga, pafupifupi digiri imodzi pa mamita 300 alionse. Ku Lilongwe, komwe ndi kokwera mamita opitirira pang'ono 1,000, madzi amawira cha pa 96 °C kapena 97 °C. Geji yoonetsa nambala imeneyi m'madzi owira kumeneko ili bwino.

Mavuto ambiri a sensa amayamba pamene yasinthidwa. Masensa osiyana amafanana maonekedwe ndipo amalowa pa bowo limodzi, koma resistance yake ndi yosiyana, choncho sensa ya galimoto ina imapangitsa muvi kukhala pamwamba kapena pansi nthawi zonse. Palinso switchi ya nyali yochenjeza yomwe imafanana ndi sensa. Switchiyo ikaikidwa m'malo mwa sensa, muvi umakhala pa C mpaka injini itatentha kwambiri, kenako n'kukwera mpaka kumapeto. Vuto lina ndi tepi yoyera ya mapaipi a madzi yomwe ena amakulunga pa mazinga omangira sensa kuti pasadonthe. Sensa ya waya umodzi imapeza earth kudzera m'mazinga omwewo, ndipo tepi yochuluka kapena dzimbiri zimatchinga magetsi, muvi n'kuwerenga motsika.

Kuyesa stabiliser

Stabiliser imapezeka kuseri kwa sipidomita kapena pa chitsulo kuseri kwa dashibodi. Ili ndi polowera magetsi polembedwa B ndi potulukira polembedwa I. Babu loyesera likalumikizidwa pa I, pa mtundu wakale liyenera kuthwanima mobwerezabwereza. Likayaka osazima, stabiliser yagwira kapena ilibe earth. Likapanda kuyaka pamene pa B pali magetsi, yafa. Multimeter ya manambala imadumphadumpha pakati pa 0 ndi mphamvu ya batire, zomwe zimanamiza anthu ena kuti chidacho chawonongeka pamene ndi mmene chimagwirira ntchito.

Earth ya stabiliser imadutsa m'chigoba chake, pa bawuti yomwe yaimangira. Bawutiyo ikamasuka kapena ikachita dzimbiri, stabiliser imasiya kuzimitsa magetsi ndipo mageji onse amakwera. Kupala malowo ndi sandipepa n'kumanganso kumathetsa vutoli popanda kugula chilichonse. Mtundu wakale umafunanso kumangidwa moongoka monga chizindikiro cha pa chigoba chake chikusonyezera.

Masiku ano kuli mastabiliser atsopano opanda chosuntha mkati, otulutsa ma volt 10 osathwanima. Pogula, pamafunika kudziwa mbali ya batire yomwe yalumikizidwa ku chitsulo cha galimoto. Magalimoto ambiri a ku Britain opangidwa chisanafike chaka cha 1967 analumikiza mbali ya + ku chitsulo, pamene a pambuyo pake analumikiza mbali ya −. Stabiliser yakale ndi geji ya muvi wochedwa sizisankha mbali, koma stabiliser yatsopano ikalumikizidwa mosemphana imawonongeka.

Earth ya injini

Injini imakhala pa ziphaso za rabala, choncho imalumikizidwa ku chitsulo cha galimoto ndi lamba wa mawaya olukana. Lambayu akaduka pang'ono kapena akachita dzimbiri, magetsi obwerera amavutika kudutsa ndipo geji imasokonezeka. Chizindikiro chake ndi muvi womwe umasuntha pamene nyali zakutsogolo kapena fani yamagetsi zayatsidwa. Poyesa, waya wokhuthala umalumikizidwa kwakanthawi kuchokera pa injini kupita pa chitsulo choyera cha galimoto. Muvi ukabwerera m'malo mwake, lamba uja ndi amene ali ndi vuto.

Kufufuza geji yopanda magetsi

Pa mtundu uwu mulibe waya, fyuzi kapena earth zoti ziyesedwe. Kabotolo kamamasulidwa mu injini, osakachotsa pa kapaipi kake, n'kumizidwa m'madzi otentha pamodzi ndi choyezera kutentha. Muvi ukapanda kusuntha, kapaipi kanang'aluka ndipo ether anatuluka. Kapaipika kamathyoka kawirikawiri pafupi ndi kabotolo, chifukwa cha kugwedezeka kwa injini kapena chifukwa kanapotoka pomasula. Pomasula, nati yokha ndi yomwe iyenera kuzungulira, kabotolo kali chiimire. Pomanga, kapaipi kamapindidwa mozungulira kangapo pakati pa injini ndi chitsulo cha galimoto kuti kazitha kugwedera osathyoka, ndipo kamatalikitsidwa ndi ekizozi.

Kapaipi kothyoka sikalumikizidwa ndi tepi kapena guluu. Geji yonse imasinthidwa, kapena imatumizidwa kwa akatswiri okonza mageji omwe amaika kapaipi katsopano, kuthiramo ether wina n'kuyeza muvi. Ether amagwira moto msanga kwambiri, choncho kabotolo sikatenthetsedwa pa lawi la moto. Muvi ukamasuntha koma modukizadukiza, vuto limakhala fumbi kapena kuuma kwa timagiya ta mkati mwa geji.

Kusiyana ndi magalimoto amakono

M'magalimoto ambiri amakono, sensa imatumiza uthenga ku kompyuta ya injini, ndipo kompyutayo ndi yomwe imayendetsa muvi. Opanga magalimoto ambiri amaukonza kuti uzikhala pakati ngakhale kutentha kukusintha ndi madigiri angapo. Geji yakale ilibe zimenezi, ndipo muvi wake umakwera pang'ono pokwera phiri, pa mzere wa magalimoto kapena masana otentha, kenako n'kutsika galimoto ikayamba kuthamanga. Geji yopanda magetsi imakweranso kwa mphindi zingapo injini ikangozimitsidwa, chifukwa madzi asiya kuzungulira pamene chitsulo chikadali chotentha. Kusuntha kotereku si vuto.

Geji ikakonzedwa, eni magalimoto ambiri amayeza kutentha kwenikweni injini ili pa muyezo wake n'kusunga pamtima pomwe muvi waima. Malo amenewo ndi omwe amayerekezera nawo pa maulendo otsatira, chifukwa mageji awiri a mtundu umodzi saima pamalo ofanana ndendende. Ngati geji sinakonzedwebe, galimoto imayendetsedwa maulendo afupi okha, ndipo madzi a mu rediyeta amaonedwa m'mawa uliwonse injini isanalizidwe.